Mawu Oyenda pa Matayala: Mbiri ya Galimoto za Mauthenga pa Nthawi ya Ngozi

Munthu amene wayendapo pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, nafika pa Namitete tsiku la msika, sangalephere kuidziwa galimoto yosenza zinkuzamawu padenga. Imayenda pang'onopang'ono ikulengeza za katemera, za kolera, kapena za msonkhano wa chipani. Ana amaithamangira, amayi ogulitsa tomato amatchera khutu, ndipo ikangokhota fumbi limatsala ndi mawu ake omwe. Galimoto imeneyi ili ndi mbiri ya zaka zoposa 70 m'dziko muno. M'chimangirizo chino tiona m'mene inabwerera, ntchito imene yagwira pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndiponso chilema chimodzi chimene inabadwa nacho: inali ndi pakamwa koma inalibe makutu. Nkhani ya m'mene makutuwo anapezekera ikudutsa pa Namitete pomwe pano.

Tisanafike pa galimoto, tikumbuke kuti makolo athu anali ndi njira zawo. Moto ukabuka kapena chilombo chikalowa m'khola, munthu ankakuwa mfuu ndipo mudzi woyandikana nawo unkayankha. Ng'oma inkafika kumene mawu a munthu sangafike. Zovuta zikagwa, amfumu ankatuma anyamata kukanena kwa abale akutali, ndipo mpaka lero timaika masamba pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pali maliro. Njira zimenezi zinkathera pomwe miyendo yathera. Komabe zinali ndi ubwino umodzi umene tiyenera kuusunga m'mutu pamene tikuwerenga: mthenga ankabwerako ndi yankho.

Galimoto ya kanema

Boma la atsamunda ndilo linabweretsa galimoto yolankhula. M'chaka cha 1948 kunakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit, lomwe linkajambula makanema oonetsa anthu akuda a ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia. Makanemawa ankayenda m'midzi pa galimoto zokhala ndi injini yakeyake yopangira magetsi. Dzuwa likalowa ankapachika chinsalu choyera pabwalo, ndipo munthu wodziwa Chinyanja ankaima ndi chinkuzamawu n'kumamasulira zochitika. Chaka chotsatira, 1949, kunatuluka wailesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya, yotchedwa Saucepan Special. Inkagulidwa pa mapaundi 5 ndipo inkagwira nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, kumene kunali mapologalamu a m'Chinyanja.

Chaka chomwecho cha 1949 ndi chimene kunagwa njala yaikulu, makamaka m'chigawo cha kumwera cha ku Blantyre ndi Lunzu. Zida zolankhulira kwa anthu zinali zitayamba kupezeka, koma munthu wanjala analibe chida cholankhulira kwa boma. Ankayenera kudalira mfumu kuti ikanene kwa DC, kapena kuyenda yekha kukaonetsa nthiti zake ku boma.

Panalinso vuto lina. Makanema ambiri ankaphunzitsa za malimidwe, monga kuunda mizere ndi milambala, zinthu zimene alimi ankakakamizidwa kuchita moopsezedwa ndi chindapusa kapena ndende. M'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, galimoto za boma zinkaonedwanso ngati pakamwa pa chitaganyacho. Motero anthu anaphunzira kusangalala ndi kanema kwinaku akukayika uthenga wake. Chizolowezi chimenechi sichinathe ndi utsamunda.

Titalandira ufulu, galimoto yolankhula inapeza kwawo kwenikweni kumadzulo kwa Lilongwe kuno. Mu 1968 boma, ndi ngongole yochokera ku World Bank, linayambitsa chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme. Chitukukochi chinalambula misewu, chinakumba mijigo, chinamanga misika, chinapereka ngongole za feteleza, ndiponso chinalembetsa minda m'maina a andunda. Madera a Nsaru, Mpingu, Kabudula ndi Namitete anasintha nkhope m'zaka zimenezo. M'misewu yatsopanoyo munkadutsa galimoto zachikasu za nthambi ya Extension Aids ya mu unduna wa zamalimidwe. Masana zinkaonetsa sewero la zidole, usiku kanema, ndipo alangizi ankagawa magazini ya Za Achikumbi. Akuluakulu a kuno akamasimba za zidolezo amaseka mpaka lero, ngakhale ambiri saikumbukanso mfundo imene zidolezo zinkaphunzitsa. Galimotozi zinathandizadi kufalitsa mbewu za makono ndi kuchenjeza za tizilombo toononga mbewu. Koma uthenga unali woyenda njira imodzi, kuchokera ku likulu kupita kumudzi.

Mtundu wina wa galimoto unayamba kuoneka kawirikawiri pamene nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu m'dziko muno. Kuyambira 1986 othawa kwawo anakhamukira m'maboma a m'malire monga Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza, Lilongwe ndi Mchinji, ndipo pofika 1992 anali ataposa 1 miliyoni. Mabungwe othandiza anabwera ndi galimoto zoyera zokhala ndi mlongoti wautali kutsogolo. Mlongotiwo unali wa wailesi yolankhulirana, ija ambiri timaitcha ovaova. Imeneyi tsono inkalankhula ndi kumva komwe, koma inkamva ogwira ntchito a bungwe okha, osati mwini tsoka.

Pa 10 Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ya ku Phalombe, ndipo anthu mazanamazana anafa. M'Malawi munalibe foni ya m'manja ngakhale imodzi nthawi imeneyo, pakuti kampani yoyamba, Telekom Networks Malawi, inakhazikitsidwa mu 1995, ndipo ya Celtel inabwera mu 1999. Ngozi ya ku Phalombe ndiyo inachititsa kuti chaka chomwecho nyumba ya malamulo ikhazikitse lamulo loyamba lokhudza kukonzekera ngozi ndi kupereka chithandizo.

Njala ya 2002

Ngati pali chaka chimene chinaonetsa poyera kuipa kwa uthenga woyenda njira imodzi, ndi chimenechi, ndipo chigawo chapakati ndicho chinamva kuwawa koposa. Mvula yochuluka ya m'nyengo ya 2000 ndi 2001 inamiza minda, kotero kuti chimanga chimene dziko linakolola chinatsika kuchoka pa matani pafupifupi 2.5 miliyoni kufika pa 1.7 miliyoni. Ziwerengero za boma zinkasonyeza kuti chinangwa ndi mbatata zachuluka moti zidzatseka mpatawo. Ziwerengerozo zinali zokokomeza. Chimanga cha m'nkhokwe za boma, matani oposa 160,000, chinali chitagulitsidwa. Pofika Januwale 2002 mtengo wa chimanga m'misika ina unali cha m'ma K40 pa kilogalamu, pamene nthawi yokolola unali wosafika ndi K10 yomwe.

Kumudzi aliyense ankadziwa kuti zinthu zaipa. Ife amene tinali ana a sukulu za pulaimale timakumbukira mabenchi akuchepa anthu, gaga akulimbiranidwa pa chigayo, ndi mabanja akusinja zitsa za nthochi. Bungwe la Save the Children la ku Britain linachenjeza kumapeto kwa 2001 litaona m'mene zinthu zinalili ku Mchinji ndi ku Salima. Atsogoleri a mipingo nawo analankhula. Koma Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi pa 27 Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. Chiwerengero cha boma chinali cha anthu mazana angapo, pamene mabungwe omwe si aboma ankati ndi pakati pa 1,000 ndi 3,000. Nyengo yomweyo kolera inagwira anthu oposa 33,000 n'kupha pafupifupi 1,000.

Taonani apa. Wailesi zinalipo, galimoto za zinkuzamawu zinalipo, misewu ya LLDP inalipo. Chimene chinasowa ndi njira yoti mawu a mayi wa ku Nambuma, amene nkhokwe yake inali mbee, akwere msanga kukafika pa tebulo la olamula ndi kukhulupiriridwa. Kukayikirana kuja nakonso kunabuka mochititsa mantha. Kumapeto kwa 2002 m'maboma ena a kumwera munamveka mphekesera yoti anamapopa akutenga magazi a anthu posinthana ndi chimanga cha chithandizo, ndipo alendo oyenda pa galimoto ankagendedwa. Mphekesera yomweyo inabweranso mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, mpaka bungwe la United Nations linayamba lachotsako antchito ake. Galimoto yachilendo ingathe kubweretsa uthenga wabwino, anthu n'kuithawa.

Zimene zinayambira pa St Gabriel

Chipatala cha St Gabriel ku Namitete chinakhazikitsidwa mu 1959 ndi masisitere a chipani cha Karimeli ochokera ku Luxembourg. Pofika zaka za m'ma 2000 chinkatumikira anthu pafupifupi 250,000 okhala m'midzi yotalikirana, ndi madokotala owerengeka m'dzanja limodzi. Chinkadalira kwambiri anthu odzipereka a m'midzi, amene ankayendera odwala chifuwa chachikulu, odwala Edzi ndi ena osatha kudzuka. Wodzipereka akapeza kuti wodwala wafooka kapena wasiya kumwa mankhwala, ankayenera kupalasa njinga kapena kuyenda pansi makilomita makumimakumi kukanena kuchipatala. Namwino naye ankakwera njinga yamoto kuzungulira midzi, nthawi zina n'kukapeza kuti amene wamulondola ali bwino, pamene wina wa mudzi wina wamwalira dzulo lake.

Mu 2007 pachipatalapa panabwera wophunzira wa pa yunivesite ya Stanford ku America, dzina lake Josh Nesbit. Iye anaona maulendo ataliataliwo, koma anaonanso kuti foni yake ikugwira netiweki bwinobwino m'midzi momwemo. Mu 2008 anabweranso ndi mafoni akale pafupifupi 100, kompyuta ya m'manja imodzi, ndi pologalamu yaulere yotchedwa FrontlineSMS, imene Ken Banks anailemba mu 2005. Kagwiridwe kake kanali kosavuta. Kompyutayo ankailumikiza ku kachipangizo kokhala ndi simukhadi, ndipo inkalandira, kusunga ndi kutumiza mauthenga a pafoni ambiri nthawi imodzi popanda intaneti. Odzipereka 75 anaphunzitsidwa kulemba uthenga. Ena mwa iwo anali asanagwirepo foni chibadwire.

Zotsatira zake zinalembedwa ndi kusindikizidwa mu 2010. M'miyezi 6 yokha chipatala chinapulumutsa maola oposa 2,000 a ogwira ntchito ndi ndalama za mafuta pafupifupi madola 3,000, ndipo chiwerengero cha odwala chifuwa chachikulu amene chinkatha kuwatsatira chinawirikiza kawiri. Njinga yamoto ija sinasiye kuyenda, koma tsopano inkapita kumene yaitanidwa. Kunena mwachidule, mthenga wa makolo uja anabwerera, uthenga ukupita ndi kubwerako ndi yankho, koma ulendo wa tsiku lathunthu ukutha m'kamphindi. Ntchito imeneyi ndiyo inabala bungwe lotchedwa FrontlineSMS:Medic, lomwe pambuyo pake linatchedwa Medic Mobile.

Wina angafunse kuti nanga nkhani ya chipatala ikukhudzana bwanji ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi. Yankho linabwera pa 12 Januwale 2010, pamene chivomerezi chinagwetsa mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti n'kupha anthu oposa 100,000. Nyumba zinagwa, misewu inatsekeka, koma nsanja zina za mafoni zinatsala chiimire ndipo mauthenga olemba ankadutsabe. Nesbit, pogwiritsa ntchito nzeru imene anaiona ikugwira ntchito ku Namitete, anali mmodzi mwa amene anathamanga kukapempha nambala yaifupi yaulere. Kampani ya Digicel inapereka nambala ya 4636, imene inayamba kugwira ntchito patangopita masiku anayi, ndipo nyumba zoulutsira mawu zinailengeza. Anthu ankalemba m'chilankhulo chawo cha Kreyòl, chimene opereka chithandizo ambiri sankachimva. Choncho nzika za Haiti zokhala m'maiko ena zinadzipereka kumasulira mauthengawo m'Chingerezi pa intaneti ndi kusonyeza pa mapu pamene wolembayo ali. Mauthenga pafupifupi 80,000 anadutsa m'manja mwawo. Tisakokomeze: ambiri amene anatulutsidwa pansi pa zipupa anafukulidwa ndi anansi awo, ndipo si uthenga uliwonse umene unayankhidwa. Komabe aka kanali koyamba kuti anthu ochuluka chotere, ali m'kati mwa ngozi, alankhule okha kwa owathandiza.

Apa pali kanthu kena kokhudza inu amene mukukonzekera mayeso a Chichewa. Amene anatsogolera ntchito yomasulira ku Haiti, Robert Munro, anali akufufuza ku Stanford m'mene kompyuta ingasankhire mauthenga ofunika msanga pakati pa ambirimbiri. Pa kafukufuku amene anasindikiza ndi Christopher Manning mu 2010, anagwiritsa ntchito mauthenga 600 a m'Chichewa ochokera kwa odzipereka a zaumoyo a kuno ku Malawi. Chimene chinavutitsa kompyuta ndi mawu amodzi odziwika kwa tonsefe, akuti odwala, amene anapezeka m'maonekedwe ambirimbiri. Mwina chifukwa cha aphatikiram'mbuyo ndi aphatikiram'tsogolo, mwina chifukwa wina walemba r pamene pafunika l, mwinanso chifukwa wina waphatikiza mawu oyenera kulekanitsidwa. Anachita kuiphunzitsa kompyutayo kugawa mawu m'maphatikizo kuti ipeze tsinde. Mukamadandaula kuti malamulo a kalembedwe ndi otopetsa, dziwani kuti anavutitsapo ngakhale akatswiri a ku California.

Galimoto ya masiku ano

Foni imagwira ntchito pokhapokha nsanja ili chiimire ndipo ili ndi magetsi. Namondwe wamphamvu amagwetsa zonse ziwiri. Apa ndi pamene galimoto ikubwereranso, koma yosinthika. M'malo monyamula uthenga wolembedwa kale ku likulu, imanyamula netiweki yeniyeniyo. Imakhala ndi mlongoti wotha kutalika ndi kufupika, dishi yolankhulana ndi setilaiti yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kumwamba, jenereta, mabatire, masola, ndi mawailesi a ovaova. Ikaima pa bwalo la sukulu pamene pasonkhana othawa madzi, imakweza mlongoti, ndipo mafoni a m'deralo amadzukanso. Madokotala amaitanitsa mankhwala, ogawa chakudya amatumiza ziwerengero, ndipo mayi amauza mwana wake wa ku Johannesburg kuti ali moyo. Pofuna kuti zida zotere zisamachedwe pa zipata za maiko, mu 1998 maiko anagwirizana pangano la ku Tampere, m'dziko la Finland, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2005.

Namondwe wa Idai atagunda mzinda wa Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019, mzinda wonsewo unakhala chete kwa masiku angapo, wopanda foni ndi magetsi. Oyamba kubwezeretsa kulumikizana anali magulu monga Télécoms Sans Frontières la ku France ndi gulu la zamauthenga lotsogozedwa ndi World Food Programme. Zina mwa zida zimene zinagwira ntchito kumeneko zinali za emergency.lu, dongosolo limene boma la Luxembourg linakhazikitsa litaona zimene zinachitika ku Haiti. Ndi kadziko komweko kamene kanatumiza masisitere ku Namitete zaka 60 m'mbuyomo. Koma zida zambiri sizinafike pa matayala. Zinabwera m'mabokosi pa ndege, chifukwa msewu wolowa mu Beira unali utaduka.

Chimenechi ndicho chilema chachiwiri cha galimoto: imafuna msewu, pamene madzi amayamba ndi kudula msewu womwewo. Pa madzi osefukira a mu Januwale 2015, pamene Pulezidenti Peter Mutharika analengeza ngozi m'maboma 15 ndipo anthu pafupifupi 230,000 anasowa pokhala, ku Makhanga m'boma la Nsanje kunkafikika pa bwato kapena pa helikopita basi. Bungwe la International Telecommunication Union linatumiza mafoni a setilaiti, otha kunyamulidwa m'chikwama. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunafika ngakhale kuno kumene madziwo sanafike. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche pamwamba pa Chilobwe, nakokolola midzi ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 650,000 anathawa m'nyumba zawo. Madera ena anakhala masiku ambiri osafikika, mpaka mahelikopita, kuphatikizapo ochokera ku Tanzania ndi ku Zambia, ndiwo anakatula chithandizo.

Galimoto yakale ija ya zinkuzamawu sinapume pantchito. Pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, umene unachedwetsanso kutsegulira sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre mu Januwale 2023, inazungulira m'misika ikulengeza za kuthira kolorini m'madzi ndi kuthamangira kuchipatala. Pa ntchito yotereyi ilibe mnzake, pakuti imafikira ndi agogo omwe amene alibe foni kapena sadziwa kuwerenga. Kusiyana kwake ndi kale n'kwakuti pamene iyo ikulankhula pamsika, mlangizi wa zaumoyo ali m'mudzi akutumiza pa foni chiwerengero cha odwala amene wawapeza m'mawa womwewo.

Freddy atangodutsa, mu 2023, nyumba ya malamulo inavomereza lamulo latsopano lokhudza ngozi zogwa mwadzidzidzi, lolowa m'malo mwa lija la 1991. Ntchitoyi imayendetsedwa ndi nthambi ya boma yodziwika ndi dzina loti DoDMA, kudzera m'makhonsolo ndi m'makomiti ofika mpaka kwa mfumu yaikulu ndi kumudzi. Kuno kumadzulo kwa Lilongwe ngozi zathu kawirikawiri sizimveka pa wailesi za kunja. Ndi mphepo yosasula madenga a sukulu, matalala othyola fodya, ng'amba ya mu Januwale, kapena mtsinje wa Bua ndi timitsinje take kudzadza usiku. Galimoto ya dishi ndi mlongoti siidzabwerera denga limodzi la ku Kabudula, ndipo msewu wafumbi wopita kumeneko ukalowa matope ngakhale ambulansi imatitimira. Uthenga woyamba umachokera pa foni ya wapampando wa komiti ya m'mudzi, imene kawirikawiri amaitchajitsa pa sola ya ometa tsitsi pamsika, n'kuithira mayunitsi ndi ndalama ya m'thumba mwake.